Kolera m'malokeshoni a Blantyre: mtunda wa pakati pa chimbudzi ndi chitsime

Pa 2 Januwale 2023, kutatsala tsiku limodzi lokha kuti ana abwerere m'makalasi, boma linalengeza kuti sukulu za pulayimale ndi sekondale za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zisatsegulidwe kaye kaamba ka kolera. Makolo anali atachapa kale mayunifolomu, ena atakongola ndalama za fizi. Ana anakhala pakhomo kwa milungu iwiri, ndipo mwezi womwewo usanathe chiwerengero cha anthu omwalira ndi matendawa m'dziko muno chinadutsa 1,000. Ife a ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri sitinaiwale matenti amene anamangidwa pa zipatala, fungo la klorini pa zipata, ndiponso maliro oikidwa mwachangu abale ataimirira patali.

Mliri umenewo, umene ndi waukulu koposa yonse ya kolera imene inagwapo m'Malawi muno, unayamba mwakachetechete. Unduna wa Zaumoyo unaulengeza pa 3 Malichi 2022, wodwala woyamba atapezeka pa chipatala cha boma ku Machinga. Apa n'kuti patangopita milungu yowerengeka namondwe wa Ana atasakaza chigawo cha kummwera, ndipo namondwe wa Gombe anali m'njira. Zaka zambiri kolera amazilala mvula ikatha, koma chaka chimenecho anakwera ndi nyanja m'nyengo ya dzuwa mpaka kukafika ku Nkhata Bay, ku Rumphi ndi ku Karonga. Mvula ya kumapeto kwa 2022 itagwa, matendawa anabuka mwamphamvu m'mizinda. Pa 5 Disembala 2022 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, analengeza kuti mliriwu wasanduka ngozi ya zaumoyo ya dziko lonse. Pofika pamene boma linanena kuti mliri watha, mu Julayi 2024, anthu pafupifupi 59,000 anali atadwala, oposa 1,700 atamwalira. Palibe boma limene linatsala, koma Lilongwe, Blantyre ndi Mangochi ndi amene anali ndi odwala ochuluka zedi.

Akuluakulu pakati pathu akudziwa kuti nkhaniyi si yachilendo. Kolera anafika koyamba m'Malawi mu 1973. Anabweranso mwaukali m'dzinja la 1998 mpaka 1999, kenaka m'chaka cha njala cha 2001 mpaka 2002, pamene anthu oposa 33,000 anadwala ndipo pafupifupi 1,000 anatisiya. Ngakhale mliri wa 2022 utalengezedwa kuti watha, sipanapite nthawi matendawa anaonekanso ku Chitipa, ndipo kumayambiriro kwa 2026 azaumoyo anali m'makwalala a ku Chilomoni kupereka katemera. Tsono funso limene tiyenera kulifunsa ngati akhristu a mu Arkidayosizi ya Blantyre ndi ili: bwanji mayina a madera amene amatchulidwa amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka? Mvula imene imagwa ku Ndirande ndi yomweyo imene imagwa ku Nyambadwe, ndipo malo awiriwa n'ngoyandikana moti munthu amayenda pansi. Koma ambulansi imadziwa kale njira yoti ilowere.

Kachirombo ka kolera kali ndi njira imodzi yokha: kamachoka m'chimbudzi cha munthu wina n'kulowa m'kamwa mwa munthu wina, kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja. Kakalowa m'thupi, zizindikiro zimayamba pakati pa maola 12 ndi masiku 5. Chovuta n'chakuti ambiri mwa amene atenga kachiromboka sadwala n'komwe, kapena amangotsegula m'mimba pang'ono, komabe amakhala akukatulutsa kwa masiku angapo. Mvula payokha ilibe kolera. Ntchito yake ndi kunyamula. Imatenga zimene zinakhala m'dzenje chilimwe chonse, zimene zinatayidwa m'ngalande ndi kuseri kwa msika, n'kukazitula m'chitsime, mumtsinje ndi m'paipi yong'aluka.

Pali mwambi umene anthu amakonda kuutchula nkhani ya kolera ikabuka, woti mvula ikakuona litsiro sikata. Ena amautchula akuloza chala anthu a m'malokeshoni, ngati kuti vuto lawo ndi uve basi. Tiyeni tilowe pa puloti imodzi ya ku Ndirande kapena ku Bangwe tione ngati mawuwa akukwanira. Pa malo amene kale panali nyumba imodzi pali zitseko zisanu ndi zitatu kapena khumi, chitseko chilichonse banja lake, onse a lendi. Chimbudzi ndi chimodzi, chokumba, ndipo bafa lili pambali pake. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, komanso chikhale kumunsi kwake. Langizoli ndi lolondola, koma pa puloti ngati imeneyi mamita 30 amakufikitsani pakhomo la munthu wachitatu. Ndipo popeza mzinda wathu unamangidwa m'mapiri, kumunsi kwa wina ndi kumtunda kwa mnzake. Chimbudzi cha banja la pamwamba chimakhala pamutu pa chitsime cha banja la pansi, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anasankha kuti zikhale choncho.

Dzenje likadzaza, mwini nyumba amayenera kuitana opopa kapena kukumba lina. Malo okumba lina kulibe, galimoto yopopa siingadutse m'tinjira topanikizika, ndipo ndalama yake ndi yoti mwini puloti aiganizire kawiri. Si chinsinsi kuti alipo ena amene amadikira usiku wa mvula yamphamvu n'kuboola dzenje kuti madzi akokolole zonse kupita nazo kungalande. M'mawa ana amasewera m'ngalande yomweyo. Madziwo amathera mu Nasolo, amene amadutsa pakati pa Ndirande n'kukathira mu Mudi, kapena mu Naperi kwa a ku Zingwangwa ndi Soche, ndipo m'mitsinje yomweyi amayi amachapa zovala ndi kutsuka mbale mipopi ikauma. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre. Oposa theka la iwo amakhala m'madera amene anamangidwa popanda dongosolo la khonsolo, ndipo mapaipi onyamula zonyansa amafika m'nyumba zochepa chabe. Onjezanipo phiri la Ndirande limene linametedwa mitengo m'zaka za m'ma 1990, kotero kuti madzi a mvula amatsika ndi liwiro popanda chowagwira. Mayi amene amasesa pakhomo pake kawiri pa tsiku, ana ake ali osamba, angathe kudwala kolera pa puloti yotereyi, ndipo kumuuza kuti ndi wauve ndi kumuchimwira kawiri.

Tinene tsopano za mpopi, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Madzi ambiri amene Blantyre amamwa amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda. Bungwe la Blantyre Water Board limawakankha ndi makina kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800, kudzera ku Chileka. Damu la Mudi ndi madzi ochokera ku Likhubula ku Mulanje zimangothandizira. Izi zikutanthauza kuti madzi a mumzinda muno amadalira magetsi monga momwe chigayo chimadalira magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panapita nthawi yoposa chaka makinawo asanayambirenso. Kuzimazima kwa magetsi kwa chaka chimenecho tonse tikukukumbukira. Ndi ochepa amene amakulumikiza ndi kolera, koma miyezi ya mdima ndi miyezi ya mliri inali yomweyo. Kuwonjezera apo, m'dzinja Shire amabwera ndi matope ochuluka, ndipo kuyeretsa madzi kumachedwa pa nthawi yeniyeni imene anthu akuwafunitsitsa.

Pali chinthu china chimene amisiri a zamadzi amachidziwa bwino koma ife wamba sitichilingalira. Paipi ikakhala yodzaza, madzi amatuluka kunja pamalo pong'aluka, ndipo zakunja sizilowa. Madzi akasiya, paipi imayamwa zimene zili pozungulira. Ngati paipiyo yadutsa m'ngalande, monga zimakhalira m'malo ambiri, madzi oyamba kutuluka mpopi ukabwerera angathe kukhala ndi matenda ngakhale anachoka kumalo oyeretsera ali abwinobwino. Ichi n'chifukwa chake nthawi ya mliri azaumoyo amati tithire klorini ngakhale m'madzi a pampopi, ndipo amene amawaseka chifukwa cha langizoli sanamvetse.

Anthu ambiri a m'malokeshoni alibe mpopi pakhomo. Amagula pa kiyosiki, ndowa imodziimodzi, ndipo makiyosiki ambiri amayendetsedwa ndi mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi a m'maderamo. Akatswiri amati munthu mmodzi amafunika malita osachepera 20 pa tsiku kuti amwe, aphike ndi kusamba m'manja mokwanira. Banja la anthu 6 likufunika malita 120, ndiye kuti ndowa 6 za malita 20, tsiku lililonse, mwezi wonse. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Bangwe kapena bambo wa kabaza ku Machinjiri amawerengera ndowa zimenezi pamodzi ndi ufa, makala ndi lendi. Kawirikawiri amagula ziwiri za kumwa ndi kuphikira, zotsalazo n'kukatunga ku chitsime chosaya kapena kumtsinje. Kiyosiki ikauma masiku atatu, ziwiri zija nazo zimachokera komweko, kapena kwa ogulitsa m'zigubu amene amakweza mtengo madzi akasowa. Mbale yotsukidwa ndi madzi a mu Nasolo siidziwa kuti nsima inaphikidwa ndi madzi a pakiyosiki.

Maiko ena anadutsamo m'njira yomweyi. Mu 1854 dokotala John Snow wa ku London anawerenga nyumba za omwalira ndi kolera n'kupeza kuti zinazungulira mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu anachotsa chogwirira cha mjigowo. Chimene chinathetseratu kolera mumzinda umenewo ndi mapaipi akuluakulu a zonyansa amene anamangidwa m'zaka zotsatira, pamodzi ndi madzi oyeretsedwa. Kufupi ndi kwathu kuno, Zimbabwe inataya anthu oposa 4,000 mu 2008 ndi 2009 madzi a mumzinda wa Harare atasokonekera, ndipo mu Januwale 2024 anzathu a ku Lusaka anasandutsa bwalo la masewera la Heroes kukhala chipatala cha kolera. Kulikonseko odwala ambiri anachokera m'madera othithikana kumene chimbudzi ndi chitsime zinayandikana.

Komatu kudwala ndi kwina, kufa ndi kwina. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati pamene chithandizo chikufika msanga, omwalira sayenera kufika mmodzi pa odwala 100 aliwonse. Mu mliri wa 2022 ndi 2023 kwathu kuno anali pafupifupi atatu pa 100. Kusiyana kumeneku ndi anthu oposa 1,000 amene akanatha kukhala nafe lero. Kolera amapha pochotsa madzi m'thupi. Munthu wamkulu wodwala kwambiri angathe kutaya madzi ofika lita imodzi pa ola, chimbudzi chake chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, akusanza, miyendo ikukokana, maso akulowa m'kati. Amene anadya nanu mgonero ali bwinobwino akhoza kutsirizika tambala asanalire kachiwiri. Choncho chimene chimagamula moyo kapena imfa ndi maola a pakati pa kutsegula m'mimba koyamba ndi kapu yoyamba ya madzi a mchere ndi shuga.

Maola amenewa amatayika m'njira zimene tonse tikuzidziwa. Matenda ayamba pakati pa usiku, m'njira muli achifwamba, wa njinga yamoto akutchula mtengo wa usiku, ndiye banja likuti tidikire kuche. Wina athamangira kugolosale kukagula mapiritsi oletsa kutsegula m'mimba. Wina achita manyazi kuti anansi amva kuti pakhomo pake palowa kolera, ndipo mwini nyumba amuthamangitsa. Wina aitana mneneri kuti adzapemphere, wina akuti ndi zolodzedwa. Pofika pa chipatala cha Ndirande, cha Zingwangwa, cha South Lunzu kapena ku Gulupu, mitsempha yafota kale moti namwino akuvutika kupeza polowetsa diripi.

Chonsecho mankhwala oyamba ali m'khitchini. Mu 1971, pa nthawi ya nkhondo ya ufulu wa Bangladesh, dokotala wa ku India Dilip Mahalanabis anali ndi odwala kolera ambirimbiri mumsasa wa othawa nkhondo, madiripi atamuthera. Anasakaniza mchere ndi shuga m'migolo ya madzi n'kuuza achibale a odwala kuti aziwamwetsa mosalekeza, ndipo imfa zinatsika modabwitsa. Ndiwo maziko a paketi ya Thanzi ORS imene timaidziwa. Paketi ikasowa, muyezo wake ndi uwu: lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, ndiye kuti theka la chigubu cha Sobo cha malita 2, masupuni a tiyi 6 a shuga osaunjika, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Mchere usapitirire. Wodwala amwe pang'onopang'ono koma kosalekeza, ngakhale akusanza, ndipo amwe ali m'njira yopita kuchipatala. Madziwa sachotsa ulendo wa kuchipatala, amangomusunga munthu kuti akafike wamoyo. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Katekisiti amene amatha kuphunzitsa ana malamulo khumi ndi masakramenti asanu ndi awiri sangalephere kuphunzitsa muyezo wa zinthu zitatu.

Pa nkhani ya kupemphera ndi chipatala, Mpingo wa Katolika sukayika. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limatiuza kuti tilemekeze sing'anga chifukwa luso lake ndi mphatso ya Mulungu, ndipo limaika pemphero ndi mankhwala pamodzi. Deuteronomo mutu 23 ali ndi lamulo loti Aisraele akhale ndi malo kunja kwa zithando, akumbe ndi kukwirira, ndipo chifukwa chimene chaperekedwa pamenepo ndi kuyera kwa malo amene Mulungu akuyendamo. Mu Yohane mutu 9 Ambuye Yesu anakana maganizo oti munthu wobadwa wakhungu uja anali kulipira tchimo lake kapena la makolo ake. Mpingo womwewu ndi umene unamanga Mlambe ku Lunzu ndi St Joseph ku Nguludi. Mkhristu amene akuuza banja kuti lisapite kuchipatala chifukwa kutero n'kuchepa chikhulupiriro akuphunzitsa zimene Eklezia sanaphunzitsepo, ndipo ayenera kudzudzulidwa poyera, mwachikondi koma mosabisa mawu.

Malo ovuta kwambiri kwa akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati ndi pamaliro. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limakhala likadali ndi kachirombo kambiri, ndipo amene amalisambitsa nthawi zambiri ndi omwewo amene amakakhudza ziwiya ndi chakudya cha anamfedwa. N'chifukwa chake azaumoyo amalikonza okha ndi klorini wamphamvu, amalitsekera m'thumba, ndipo amafuna kuti liikidwe msanga. Kwa ife izi n'zowawa. Kusambitsa mbale wathu, kumugoneka m'nyumba ya siwa, kuchezera usiku ndi nyimbo, kuona nkhope komaliza, zonsezi ndi njira imene timanenera kuti munthuyu anali wathu. Pamene mwambowu wachotsedwa popanda kufotokoza, mphekesera zimalowa m'malo mwake: ati madokotala akuchotsa ziwalo, ati jakisoni ndi amene akupha. Kumayambiriro kwa 2023 anthu okwiya anaphwanya malo othandizirako odwala kolera pa chipatala cha Nandumbo ku Balaka chifukwa cha nkhani zoterezi. Sitikuvomereza chiwawa chimenecho. Koma tikuonanso kuti banja limene lalandidwa mtembo ndi anthu ovala zobisa nkhope, popanda wina wodziwika woti aime nalo, limakhulupirira msanga chilichonse choipa.

Apa ndi pamene katekisiti ali ndi udindo umene dokotala sangaukwanitse. Kuika akufa ndi imodzi mwa ntchito za chifundo, ndipo Tobiti anaika moyo wake pachiswe chifukwa cha ntchito imeneyi. Palibe lamulo la Mpingo limene limati mwambo wa maliro ndi wosakwanira ngati thupi silinasambitsidwe ndi abale kapena silinagone m'nyumba. Mapemphero onse angathe kuchitikira kumanda, manda n'kudalitsidwa, Misa ya womwalirayo n'kudzachitika tsiku lina abale onse atasonkhana. Katekisiti angapemphe azaumoyo kuti mmodzi kapena awiri a m'banja aone nkhope ataima pamalo otetezeka thumba lisanatsekedwe. Pempho laling'onoli limazimitsa mphekesera zambiri. Chotsala ndi nsima ya pamaliro ndi beseni limodzi losambamo m'manja anthu makumi atatu. Amayi a mumphakati amene amaphika pamaliro ndi amene angasinthe zimenezi, pothirira munthu aliyense madzi ndi jagi, sopo ali pomwepo, ndi kupereka chakudya chikadali chamoto. Nthawi ya mliri, kusaphika kumene si kuchitira mwano womwalira. Ndipo ndalama ya ufa ikapita kwa mayi wamasiye ngati chipepeso imagwira ntchito yoposa.

Za katemera tingonena mwachidule. Ndi wakumwa, amathandiza, ndipo akafika m'dera lathu tipite tikalandire pamodzi ndi ana. Koma mu Okutobala 2022, maiko ambiri atabuka kolera nthawi imodzi, mabungwe osunga katemerayu pa dziko lonse anagamula kuti munthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri chifukwa anali wosakwanira. Malawi analandira katemera wokwana 2.9 miliyoni mu Novembala chaka chomwecho, m'dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni. Chitetezo cha kumwa kamodzi sichikhalitsa. Katemera amagula nthawi yoti tikonze zitsime ndi zimbudzi, ndipo nthawiyo ikadutsa osakonza kanthu timabwerera pamene tinali.

Pali phunziro limodzi la chaka cha 2023 limene silikambidwa mokwanira. Pa 13 Febuluwale boma linakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera ku Mgona mumzinda wa Lilongwe. Alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka anayenda khomo ndi khomo ndi klorini, malo omwetsera ORS anatsegulidwa pafupi ndi anthu, ndipo chiwerengero chinayamba kutsika. Patangotha mwezi, namondwe wa Freddy anagwa. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'chigawo cha kummwera, zimbudzi zosawerengeka zinagwa, mapaipi anaduka, ndipo mabanja anaunjikana m'makalasi ndi m'matchalitchi. Aliyense anayembekezera kuti kolera atha anthu. Koma chiwerengero cha dziko lonse chinapitirira kutsika. Zifukwa zake n'zingapo, kuphatikizapo chakuti ambiri anali atadwala kale kapena kulandira katemera. Ife tikuona kuti chachikulu n'chakuti pa nthawi imeneyo klorini, madzi a m'matanki ndi anthu ophunzitsidwa zinali kale pakati pa anthu. Mvula yoopsa kuposa ina iliyonse imene tikuikumbukira inalephera kuchita zimene mvula wamba inachita miyezi iwiri m'mbuyo mwake. Chomvetsa chisoni n'chakuti zinthu zoterezi zimabwera ndi ndalama za ngozi, ndipo ngozi ikatha zimapakiridwa pamodzi ndi matenti.

Mpingo supakira. Palibe bungwe lina, ngakhale la boma, limene limakumana ndi mabanja m'nyumba zawo mlungu ndi mlungu monga umachitira mphakati. Wapampando wa mphakati amadziwa puloti imene chimbudzi chake chadzaza, gogo amene amakhala yekha, nyumba imene ili ndi mwana wakhanda, ndi mkhristu amene ali ndi galimoto kapena njinga yamoto. Mphakati umene umatha kusonkha ndalama za chaka cha parishi, za maliro ndi za yunifolomu ya kwaya ungathe kusunga mapaketi makumi awiri a ORS ndi botolo la WaterGuard pa nyumba imodzi yodziwika, yoti munthu akagogode ngakhale pakati pa usiku. Ungathe kugwirizana pasadakhale za amene adzanyamule wodwala ndi momwe mafuta adzalipiridwire. Nthawi yochitira zimenezi ndi Okutobala, mwezi wa Korona, pamene tikuyendera kale nyumba ndi nyumba, mitambo isanayambe kusonkhana. Ndipo bwalo la parishi liyambe ndi lokha: akhristu mazanamazana amene amabwera ku Misa za Lamulungu ku Limbe Cathedral, ku St Pius, ku St James ku Chilomoni kapena ku Holy Ghost ku Ndirande, ndi ana a Tilitonse amene amatsalira masana, amafunika zimbudzi zokwanira ndi madzi a sopo pakhomo pake, ngakhale utakhala mpondagiya chabe.

Koma tikalekera pa ORS ndi sopo tidzakhala tikuthandiza anthu kupirira chinthu chimene sichiyenera kupiriridwa. Mu 2010 msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza kuti madzi abwino ndi ukhondo ndi ufulu wa munthu aliyense. Mu 2015 Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si', anatchula kolera ndi kamwazi pakati pa masautso a anthu osauka, ndipo anaphunzitsa kuti madzi akumwa ndi ufulu umene ufulu wina wonse umatsamirapo. Aepiskopi athu anaonetsa mu Lenti ya 1992 kuti Mpingo wa m'Malawi ukalankhula za moyo wa anthu wamba dziko limamva. Nthambi za Chilungamo ndi Mtendere za m'maparishi athu zili ndi mafunso oti zifunse, ndipo ndi mafunso okhala ndi mayankho a manambala. Kiyosiki ya m'dera lino inauma masiku angati mwezi watha? Khonsolo ya mzinda imatolera ziphaso mumsika tsiku ndi tsiku. Zinyalala zinachotsedwa liti komaliza, ndipo chimbudzi cha mumsikamo chili ndi madzi? Pa ndalama za chitukuko za m'dera, khansala ndi phungu aikapo zingati pa madzi ndi ngalande? Mu Januwale 2023 akuluakulu analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'misika. Mwina kunali koyenera pa nthawiyo, koma n'kosavuta kulanda chiwaya cha mnyamata wa tchipisi kusiyana ndi kufotokoza chifukwa chimene msika wonse ulibe mpopi.

Funso lomaliza ndi la m'nyumba mwathu momwe, ndipo ndi limene limavuta kulitchula pa msonkhano wa mphakati chifukwa woyenera kuyankha amakhala ali pomwepo, nthawi zina ali pampando wakutsogolo. Eni mapuloti ambiri a m'malokeshoni ndi akhristu, ena ndi a m'makomiti a tchalitchi, ena ndi amene amapereka mowolowa manja pa chopereka cha chitukuko. Pa puloti yawo pali mabanja khumi amene amalipira lendi mwezi ndi mwezi, ndi dzenje limodzi limene latsala pang'ono kusefukira. Ndalama ya lendi ya chitseko chimodzi kapena ziwiri ikanatha kuitana opopa mvula isanagwe, kapena kuyamba kumanga chimbudzi chachiwiri cha simenti chokhala ndi chivundikiro. Anthu a lendi sangalankhule, chifukwa wolankhula amapatsidwa notisi. Abambo Mfumu angalankhule pa guwa, katekisiti angalankhule pokonzekeretsa akhristu kulapa kwa Adventi, ndipo wapampando wa mphakati angapite yekha kwa mwini puloti madzulo ena, n'kumupempha kuti awerengere limodzi zitseko ndi zimbudzi.